Malire Adadutsa Pamudzi wa Apongozi

Ine kwathu ndi ku Chiwanga, pafupi ndi Metangula, koma ndidakakwatira kutali, kumpoto kupitirira Kobwe. Ndidapita kumeneko ndi amalume anga kukafuna mtengo wosema bwato, chifukwa kwathu mitengo ikuluikulu inali itatha. Mtengo tidaupeza. Tikusema, ndinkaona mtsikana wina akubwera m'mawa uliwonse kudzavuula chinangwa chimene adaviika m'mphepete mwa nyanja. Bwato litatha amalume adabwerera nalo, ndipo chaka chotsatira adandiperekezanso kukafunsira. Ukwati adadalitsa ndi wansembe wochokera ku Likoma. Ndidamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi anga aakazi, n'kukhala mkamwini monga amachitira aliyense.

Mudziwo unali womaliza m'dziko la Apwitikizi. Masiku amenewo wotilamulira sanali boma lenilenilo koma kampani, ndipo kampaniyo tinkaidziwira kwa shefi wa ku posito, mzungu woyang'anira dera lathu, ndi asipayi ake, apolisi achikuda. Kumpoto kwa mudzi kunali kamtsinje, ndipo tsidya lake linali dziko la Ajeremani. Pamtunda wa mchenga pafupi ndi kamtsinjeko padali chipilala cha miyala chimene azungu adamanga ine ndisanafike. Anthu sankachilabadira. Amayi ankayanikapo nsalu, mbuzi zinkadzikanda pamenepo.

Nkhondo ya azungu itafika adatigwira ambiri kukasenza katundu wa asilikali. Ine ndidasenzera Angerezi, amene adatsika pa sitima n'kulowa m'mapiri a kum'mawa kulondola Ajeremani. Za ulendo umenewo sindinena zambiri. Ndidabwerako ndi mapazi ong'ambika, ndipo ndidapeza mkazi wanga ali ndi mwana wamwamuna amene ankakhala kale pansi yekha. Sitidakhale naye nthawi yaitali. Chifuwa chija chidabwera pambuyo pa nkhondo chidamutenga pamodzi ndi anthu ena ambiri a pamudzipo. Tidamuika kumanda a mbumba yawo, kumwera kwa mudzi, pafupi ndi agogo ake a mkazi wanga.

Patapita nyengo, chinangwa chimene tidabzala pambuyo pa maliro chitakhwima, kudabwera azungu awiri. Mngerezi adatsika pa sitima ndi asilikali angapo ndi anyamata ake onyamula mabokosi. Mpwitikizi adabwera pamtunda, m'machila, ndi asipayi. Atakumana pamchenga adagwirana chanza nthawi yaitali, akuseka ngati pachibale. Mahema awo adakhoma moyandikana, lililonse ndi mbendera yake.

Mwini mbumba ya mkazi wanga anali amalume ake, munthu wamfupi, wokonda kuseka, amene ankamva nkhani anthu ena asanazimve. Iwo ndiwo adatifotokozera.

“Jeremani wathawa, munda wake watenga Mngerezi. Awa adamenya nkhondo mbali imodzi, koma ngakhale pachibale munda umakhala ndi malire. Abwera kudzaona pamene khasu la mmodzi liyenera kulekezera.”

Mngerezi ankalankhula Chinyanja pang'ono, chonga cha azungu a mishoni. Mpwitikizi sankachidziwa, ankalankhula nafe kudzera mwa kapitawo wa asipayi. Koma awiriwo akamacheza ankalankhula chilankhulo china. Aphunzitsi a pa tchalitchi chathu, amene adaphunzira ku Likoma, adati sichinali Chingerezi, ndipo kapitawo adati sichinali Chipwitikizi. Tidangoti nawonso ali ndi Chiswahili chawo.

Vuto linali lakuti chipilala chija kunalibe. Chaka china nkhondo ili mkati kudagwa mvula yambiri, kamtsinje kadasefukira n'kukumba mtunda wonse wa mchenga uja, chipilala n'kugwa. Miyala yake inali yosemedwa bwino, choncho siidakhalitse. Ina idasanduka mafuwa, ina anthu adamangirira ku khoka. Chitsulo chimene chinali pakati pake chidapita kwa wosula makasu. Azungu atafunsa, aliyense adati madzi adatenga.

Adatisonkhanitsa pamchenga kuti tiwalozere pamene chidali. Adayamba ndi amalume a mkazi wanga aja. Adayenda molimba mtima kupita kumwera, kudutsa nyumba zonse, kudutsa manda, n'kukaima patali pa thanthwe lina.

“Chinali pano, bwana. Ndimakumbuka bwino.”

Onse tidadziwa chimene ankafuna. Chipilala chikadaima pamenepo, mudzi wonse ukadagwera kwa Angerezi, ndipo asipayi sakadatipondanso. Kapitawo adazindikira, adawayang'ana moopseza. Bambo wina amene anali ndi mantha adaloza kumpoto, tsidya la kamtsinje. Mayi wina wokalamba adaloza m'madzi, n'kunena kuti nyanja idadya malowo. Mwina iyeyo ndiye adanena zoona, koma palibe adamumvera. Azungu aja adangoyang'anana, Mngerezi n'kutiuza kuti tizipita.

M'mawa mwake adatitenga amuna tonse ndi zikwanje ndi nkhwangwa kukwera phiri. Pamwamba padali chipilala china chimene sichidagwe, chitakwiririka ndi ziyangoyango. Tidachilambula. Pamenepo adaimika chipangizo cha miyendo itatu choonera patali, aliyense chake, n'kumasuzumira mosinthana. Dzuwa likafika pamutu ankaliyang'ana ndi galasi lakuda, n'kumalemba. Ife ntchito yathu inali kudula mitengo kuti kuchokera pamwambapo nyanja izioneka, ndi kukoka tcheni chachitali chimene ankayezera. Ine ndinali wogwira ndodo ya mawanga ofiira ndi oyera. Ankandikodola ndi dzanja, ndisunthire uku, ndisunthire uko, mpaka atakweza manja onse awiri, ndiye ndikhome chikhomo.

Titafika kunyanja zidapezeka kuti sadagwirizane. Kambendera ka Mngerezi kadaima pakati pa mudzi, pafupi ndi nkhokwe ya apongozi anga. Ka Mpwitikizi kadaima kumpoto, m'mbali mwa kamtsinje. Pakati pa timbendera tiwiriti panali tchalitchi, nyumba ya amalume ndi nyumba zina zingapo. Adabwereranso kuphiri, adayezanso, ndipo timbendera tidasuntha pang'ono koma sitidakumane.

Adakhala masiku angapo akukangana. Sikunali kukangana kwa ukali. Ankatambasula mapepala pa bokosi, wina kuloza ndi chala, wina kupukusa mutu, kenako wophika n'kubweretsa chakudya, iwo n'kudyera pamodzi. Tsiku lina adapita limodzi kukasaka mvuu imene inkatidyera mpunga, ndipo mudzi wonse udadya nyama. Aphunzitsi adafunsa Mngerezi kuti zitha bwanji. Iye adati mapepala akale adalembedwa ndi Ajeremani ndi Apwitikizi, ndipo manambala ake sankagwirizana ndi phirilo. Adati akalephera kumvana, nkhani ipita kwa akuluakulu awo kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo iwo adzawatumanso kuno, chinthu chimene onse awiri sankachifuna.

Choncho adagawana. Adayeza pakati pa timbendera tija n'kukhoma chikhomo chachikulu pamenepo. Tchalitchi ndi nyumba ya amalume zidagwera kwa Angerezi. Nyumba ya apongozi, yathu, nyumba zambiri za mudzi ndi manda zidatsala kwa Apwitikizi. Doko limene tinkakokera khoka lidagawika pawiri.

Tidamanga chipilala chatsopano. Amuna tidaswa miyala, akazi adatunga madzi ndi kusenza mchenga. Simenti adabweretsa ndi Mngerezi, mmisiri anali wa Mpwitikizi. Simenti isanaume adadinda chilembo mbali ya kumpoto ndi china mbali ya kumwera. Tidalambulanso mpata woongoka kuyambira pachipilalapo mpaka pamwamba pa phiri, wotakata ngati msewu, ngakhale palibe amene akadayendamo. Tsiku lomaliza azungu aja adasaina mapepala awiri, aliyense kutenga lake. Asipayi ndi asilikali a Mngerezi adawombera mfuti m'mwamba. Mpwitikizi adatsegula botolo la vinyo, adamwa, n'kupasula mahema.

Miyezi yoyamba palibe chidasintha. Tinkapemphera m'tchalitchi chomwecho, kukoka khoka limodzi, akazi kupalana moto. Kenako asipayi adabwera kudzalemba anthu a ntchito, ndipo tidaona kuti akafika pachipilala ankaima. Adatenga anyamata a kumwera okhaokha. A kumpoto adangoima pakhomo kuonerera.

Asipayi atachoka anthu adayamba kusamuka. Sikunali kusamuka kovuta. Munthu ankaimika mitengo tsidya la chipilala, n'kuitana anzake kuti anyamule denga lonse la nyumba yakale, kuyenda nalo pamapewa kukaliika pa yatsopano. Tsiku lina madenga atatu adadutsa pakhomo pathu. Nanenso ndidathandiza kunyamula. Minda yawo idatsala kumwera, koma ankangobwera kudzalima m'mawa n'kubwerera.

Amalume adabwera kwathu, adakhala pa mphasa, n'kuitana mlongo wawo, amene ndi apongozi anga, ndi mkazi wanga. Ine ndidakhala pambali, chifukwa nkhani ya mbumba mkamwini salowerera, ndiponso ndi apongozi aakazi sitinkayang'anana kumaso.

“Achemwali, malo ndakusungirani kuseri kwa tchalitchi. Mawa anyamata abwere anyamule denga.”

 Adayankha ndi mkazi wanga.

“Amalume, mwana wanga ali kuno.”

“Manda sathawa, mwanawe. Ndi apa pokha. Tizibwera kudzasesa.”

“Lero ndi apa pokha. Mawa akadzati wa kumpoto asaponde kuno? Ine ndidzamuonera patali ngati mlendo?”

“Nanga mwamuna wakoyu akamutenga?”

Mkazi wanga adandiyang'ana. Ndidati ine ndili pamene iye ali. Ndidanena choncho chifukwa ndi mmene mkamwini amayankhira, komanso chifukwa ndinkamuona m'mawa uliwonse akupita kumunda podzera kumanda, ngakhale njira yachidule inalipo. Amalume adaseka pang'ono, adati mtima wa mayi suukakamiza, n'kunyamuka.

Kumwera tidatsala nyumba zochepa, ndipo mwamuna wamphamvu ndinali ine ndekha. Shefi atamva kuti mudzi wathawa adatuma kapitawo kudzandiuza kuti kuyambira tsopano ndine woyang'anira chipilala. Ndizichipaka njereza, ndizilambula mpata uja ukamera, ndipo ndizinena aliyense wowoloka. Zopaka ndi zolambula ndidachita. Alamu anga, amene adasamukira kumpoto, ankandithandiza, iwo kulambula mbali yawo, ine yanga, tikucheza.

Ulendo wotsatira asipayi adabwera ndi chingwe chomangira anthu, koma woti amumange panalibe. Kapitawo adandifunsa kuti anthu a mudzi uno ali kuti.

“Ndi awo ali apowo,” ndidatero.

Alamu anga anali atakhala pamchenga, tsidya la chipilala, akusoka khoka. Adapereka moni mwaulemu.

“Mwayenda bwanji, akapitawo? Kunyumba ali bwanji?”

Msipayi wina wachinyamata adafuna kuwalumphira, koma kapitawo adamugwira mkono. Adati shefi adawauza kuti wowoloka ndi mfuti kupita kwa Angerezi adzayankha yekha mlandu, chifukwa maboma awiriwo ndi abwenzi ndipo safuna kuyambana chifukwa cha asodzi. Adaima pamenepo kanthawi, akutukwana. Kenako adati sangabwerere chimanjamanja, n'kundimanga ine.

Mkazi wanga anali ndi pakati pooneka. Sadalire. Adathamangira m'nyumba, adandimangira usipa wouma ndi ufa m'kansalu, n'kupatsa msipayi kuti andinyamulire. Amalume adaima pachipilala penipeni, akuchonderera kapitawo kuti munthuyu ndi mlendo wa ku Chiwanga, si wa mudzi uno. Ankaganiza kuti akundithandiza. Kapitawo adangoti, “Wa ku Chiwanga? Ndiye tikumupititsa kwawo.”

Adanditengera ku Metangula. Ntchito inali yosenza katundu kuchokera padoko kukwera naye ku Maniamba, n'kutsika ndi chimanga ndi nyemba. Anzanga ambiri anali a kumtunda komweko, alimi, ndipo ankandiseka kuti munthu wa m'bwato sadziwa kuyenda. Kamodzi ndidagwetsa bokosi pa chitunda, ndipo adandimenya ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera anthu, m'manja mpaka ndidalephera kugwira chakudya. Mnzanga wina Myao ndiye ankandidyetsa mpaka manja ataphwa. Amayi anga atamva kuti ndili pafupi ankayenda kuchokera ku Chiwanga kudzandipatsa chinangwa chowotcha ndi nsomba. Ankakhala panja pa mpanda umene ankatitsekeramo. Tsiku lina adangoti, “Ukwati wa kutali ndi umenewu.”

Atandimasula, kapitawo adandiitana pambali. Sadalankhule mwaukali. Adati tsopano akudziwa kwathu, akudziwa amayi anga ndi mng'ono wanga. Ndikabwerera kumpoto n'kuwoloka chipilala, adzatenga mng'ono wangayo m'malo mwanga.

Ndidapeza mkazi wanga ali ndi mwana wamkazi kumbuyo. Adachirira tsidya la Angerezi, chifukwa azamba onse anali atasamukira kumeneko. Apongozi nawonso anali atasamuka, atatopa ndi kugona m'mudzi wopanda anthu. Koma mkazi wanga, mchombo wa mwana utagwa, adabwerera m'nyumba yathu, yekha. Udzu unali utamera mpaka pakhomo. Fisi anali atatenga mbuzi zathu ziwiri.

Adandithira madzi m'manja, adaona zipsera, sadafunse. Nditadya adati, “Bambo, ndaganiza. Tiyeni tiwoloke. Ndidalakwa.”

Ndidamuuza mawu a kapitawo. Iye adayamba kuyamwitsa mwana.

“Ndiye kumpoto simungapite. Kuno adzakutenganinso.”

“Adzanditenganso. Kulibe wina woti amutenge.”

“Ku Chiwanga satenga anthu?”

“Amatenga, koma kuli amuna ambiri. Amasinthana.”

“Kapempheni kwa amalume,” adatero. “Ine ndipita nanu.”

Kupempha chitengwa si chinthu chopepuka, makamaka kwa munthu amene sadakhale zaka zambiri pamudzi. Ndidatumiza mawu kwathu, ndipo amalume anga adabwera ndi bwato, atanyamula nkhuku ndi khasu. Nkhani idakambidwa pabwalo la tchalitchi, aphunzitsi ali pomwepo. Alamu anga adakana poyamba. Adati mlongo wawo akapita, mbumba ichepa, ndipo ana ake adzakula osadziwa kwawo. Amalume a mkazi wanga tsiku limenelo sadaseke. Adati iwo ndiwo adatchula Chiwanga pamaso pa kapitawo, choncho sangakanize. Adapempha chinthu chimodzi, kuti mwana wamkaziyo akadzakula adzabwerere kudzakhala pa malo a amayi ake. Tidavomera.

M'mawa wa tsiku lonyamuka mkazi wanga adapita kumanda ndi amayi ake. Ine ndinkakonza bwato. Pobwera apongozi adafika mpaka pamene ndinali, chinthu chimene sadachitepo, n'kuima pafupi, nkhope atayang'ana kumbali.

“Bambo, mwana wangayu sadya nsomba zopanda mamba, zimamutupitsa. Amayi anu muwauze.”

Ndidati ndamva. Adandipatsa mtolo wa mbewu ya chinangwa cha kwawo, n'kubwerera osatembenuka.

Tidayenda masiku angapo, tikuima m'midzi mwera ukawomba. Ku Chiwanga amayi adatipatsa malo pafupi ndi nyumba yawo. Chaka choyamba chidamuvuta mkazi wanga. Pamudzi wa eni analibe mlongo, analibe woti amudandaulire, ndipo achemwali anga ankamuyesa wonyada chifukwa sankalankhulalankhula. Adazolowerana pa ntchito yoyanika usipa, imene iye ankaidziwa kuposa iwo. Ine adanditenganso kukasenza katundu, koma patapita nthawi, ndipo sindidakhalitse ngati poyamba. Kenako kampani idachoka, kudabwera boma, ndipo asipayi adangosintha zovala.

Mkazi wanga adapitako kwawo maulendo owerengeka, pa sitima ya mishoni. Ulendo wina adabwera ndi nkhani yakuti nyumba yathu idagwa, ndipo kumwera kwa chipilala kulibenso munthu, koma abale ake amawolokabe kukalima ndi kukaika maliro, ndipo palibe amawaletsa. Amayi ake atamwalira uthenga udatipeza mochedwa. Adapita ku sadaka yokha.

Mwana wathu wamkazi atakula tidamuperekeza monga tidalonjezera. Adalira m'bwato njira yonse, chifukwa kwawo kumene ankakudziwa kunali ku Chiwanga. Adakwatiwa ndi msodzi wa kwawo kwa amayi ake, ndipo ali ndi ana ambiri. Akabwera kudzationa, ana akewo amalankhulana Chiswahili akamasewera, ndipo adzukulu anga a kuno, amene sukulu yawo ndi ya Chipwitikizi, amawaseka. Amayambana tsiku loyamba, kenako amatengana kupita kukawedza.